Nyanga Zinayi za a Mawaya

"Maola atatu, Injiniya! Maola atatu munthu akuitana, ife tili muno tikumwa tiyi!"

A Tcheya anamenya tebulo, makapu awiri n'kudumpha. Injiniya anaima pafupi ndi chitseko cha ofesi ya bungwe la madalaivala a malole, chikwama cha zida chili paphewa, osadziwa ngati achitule kapena ayi. Pakona, kuseri kwa wailesi yaikulu yolankhulirana ndi malole, Adona anangokhala manja ali pamiyendo. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndiwo ankatuma malole ndi kuyankha madalaivala, ndipo palibe amene anawaonapo ali duu chotero.

Dzulo lake masana, mvula ikukhuthuka, dalaivala wina wotchedwa Ndevu linamuphulikira tayala pansi pa dzenje la kumgodi wa miyala, kuseri kwa phiri. Okweza miyala anali atathawa mvula. Ndevu anaika jeke yekha, jeke inaterereka m'matope, gudumu n'kumuphwanya dzanja lamanzere. Anadzikoka mpaka kukwera m'lole, nagwira wailesi ndi dzanja linalo. Kudzenjeko foni sigwira. Anaitana, anaitana, mpaka lole ina inamupeza dzuwa litapendeka.

"Ine sindinamve kanthu," anatero Adona motsitsa mawu. "Munali zii muno ngati m'tchalitchi Lolemba. Ndinati kunja kuli mtendere."

A Tcheya anapumira m'mwamba, namukokera Injiniya pakhonde.

"Tamvera, mwana wanga. Bambo ako anali mnzanga. Koma bokosi lawo lija lakalamba, linafa ndi mwini wake. Lachisanu pamsonkhano ukangonena kuti latha ntchito. Tilitsitsa, tigula latsopano, ndipo wolisamala ukhalabe iwe. Madalaivala akufuna mutu wa munthu. Tiwapatse bokosi."

"Nanga likakhala kuti silinathe?"

"Ndiye kuti watha ndi wolisamala. Sankha wekha."

Bokosilo linali padenga la nyumba yakale yosanjikiza kasanu, imene inaima paphewa pa phiri. Kuchokera pamenepo munthu ankaona tauni mbali ino, ndi fumbi la kumgodi mbali inayo. Mawu ochokera m'malole sankatha kudumpha phiri okha, choncho bokosilo linkawalandira n'kuwapatsira ku ofesi. Linali ndi maeliyo anayi, amene bambo ake ankawatcha nyanga.

Injiniya anakwera masitepe akuwerenga monga ankachitira ali mwana. Pa sitepe ya makumi asanu ndi limodzi bambo ake ankaima nthawi zonse n'kunena kuti akuona ngati khoma lili ndi mng'alu. Khomalo linalibe mng'alu. Iye anazindikira mochedwa kuti kunali kupuma.

Anatsegula chitseko cha padenga ndi kiyi wa chingwe chofiira. Kanyumba ka malata kanali momwe anakasiyira mwini wake: mpando wa miyendo itatu, chitini cha mabawuti osankhidwa mwa ukulu wake, kapu ya chitsulo yomwe khutu lake linali lomangidwa ndi waya. Bambo akewo tauni yonse inkawatcha a Mawaya, ndipo ana ambiri sankadziwa kuti anali ndi dzina lina. Dzina loti Injiniya analiyambitsa ndi iwo, tsiku limene mwana wawo analandira kalata ya kukoleji. Anaiwerenga kalatayo pa wailesi, malole onse akumva, ndipo madalaivala anaimba mahutala kuyambira kumgodi mpaka m'tauni.

Pa tchuthi chilichonse ankakangana pompano, pa mpando womwewu, mmodzi atakhala, wina ataimirira.

"Bokosi lanuli ndi mthenga wopusa, bambo," ankatero iye. "Chilichonse chimene lamva limangochikuza n'kuchikuwira ku ofesi, mawu ndi phokoso lomwe. Munthu akatsokomola, nalonso litsokomola."

"Nanga lako la kukoleji limatani?"

"Limayamba lamvetsa. Likatsimikiza kuti uthenga ndi uwu, limaunena lokha mwatsopano, woyera mbee. Phokoso lonse limatsala panjira."

"Likapanda kumvetsa?"

"Silitumiza. Limadikira."

"Limadikira ndani?" Ndipo a Mawaya ankaseka mpaka kugwira nyanga imodzi kuti asagwe.

Za nyangazo ndiye ankakangana mpaka tiyi kuzizira. A Mawaya anaziloza zonse zinayi kudzenje, zonse kumvera munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Ankati mawu a m'dzenje amatuluka mogundagunda m'miyala ngati woledzera, ndiye nyanga imodzi ikamuphonya, ina imugwira. Kwa Injiniya kumeneko kunali kuwononga. Nyanga iliyonse ikanatha kunyamula nkhani yakeyake, madalaivala anayi n'kumalankhula nthawi imodzi m'malo modikirana ngati pampopi wa madzi.

"Msewu wa njira zinayi mwausandutsa kanjira ka mbewa," ankatero.

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," ankayankha bambo ake. "Ukamaliza sukulu udzandiphunzitse. Pano ndipatsire sipanala."

Sukuluyo sanamalize. A Mawaya anamwalira iye ali m'chaka chachitatu, ndipo atabwera kudzaika maliro sanabwererenso. Miyezi iwiri yoyamba ankangokwera padenga n'kukhala pa mpandopo. Mwezi wachitatu anabwera ndi kompyuta yake, nalumikiza kubokosi, nasintha zonse. Anamasula nyanga, naziloza iliyonse kwake. Ankachita ngati akupitiriza mkangano, ndipo pamene ankamanga bawuti yomaliza anadzipeza akulankhula mokweza kuti, "Taonani tsopano." Padengapo panalibe womuyankha, koma nkhunda.

Zinayenda. Mawu anayera ngati munthu ali m'chipinda momwemo. Madalaivala anasiya kudikirana. Vuto linali lakuti bokosi linkachedwa pang'ono pomvetsa, moti anthu ankalankhulana mopondana, wina akuti "Mwadzuka bwanji" mnzake ali kale pa "Tsalani bwino", koma izo ankangoziseka. Atamufunsa chimene wachita, Injiniya anangoti wapukuta fumbi. Sanafune kuti wina anene kuti akuchotsa dzanja la bambo ake manda asanaume.

Tsopano analumikizanso kompyutayo, natsegula pamene bokosi linkalemba zonse zimene lachita. Anapita pa tsiku la dzulo, masana. Mzere woyamba unati: lole ya nambala naini, ya Ndevu, mawu osamveka bwino, atayidwa. Wachiwiri chimodzimodzi. Anatsika ndi chala. Poyamba mizereyo inali yothithikana, mphindi iliyonse. Kenaka inayamba kutalikirana, mphindi zisanu, mphindi khumi. Anawerenga mizere makumi anayi ndi iwiri.

Anatseka kompyuta, nakhala pa mpando wa miyendo itatu, n'kuyang'ana kudzenje mpaka dzuwa linamuwotcha khosi.

Kunyumba anapeza mlongo wake wamkulu ali pa makina osokera, mapini ali kukamwa, akupinda diresi la mwana wa sukulu. Anamufotokozera zonse ataima pakhomo la chipinda, osavula nsapato. Mlongoyo anachotsa mapini mmodzimmodzi n'kuwabaya pakansalu.

"Chita zimene akuuza a Tcheya."

"Bokosi silinalakwe, achemwali."

"Bokosi silichita manyazi. Bambo anapita, sakamva. Iwe sukulu unaitaya, ntchito ndi yomweyi. Ukaitayanso, uzidzatani? Uzidzandigwirira ulusi?"

"Aziti a Mawaya anasiya chinthu chowola chimene chinadya dzanja la munthu."

"Azinena mwezi umodzi, kenaka aiwala."

"Inu mumadziwa nthawi zonse choyenera kubisa."

Makina anaima.

"Nena bwinobwino, mchimwene. Wakhala ukuzinyamula miyezi inayi, zitule."

"Bambo anagona m'chipatala masiku asanu. Ine munandiimbira tsiku lachisanu ndi chimodzi."

"Dokotala anati tidikire zotsatira. Iwe unali pa mayeso. Tsiku lina ankati ndi chifuwa chabe, mawa lake ankati mtima. Ndikanakuuza chiyani, pamene ine ndemwe sindinkadziwa?"

"Mukanangoimba n'kulira. Ndikanamva."

Mlongoyo anatula diresi pamiyendo.

"Ndinaimba," anatero. "Kawiri. Ndinkadula isanayambe kulira kwanuko. Ndinkati ndiyambe ndadziwa zoona, ndisamusokoneze mwana ndi zinthu zodukaduka." Anapukuta maso ndi diresi la mwiniwake, nazindikira, n'kulisasa. "Bambo ankakufunsa. Ankati Injiniya musamuuze, alembe kaye. Ndiye ine ndimvere ndani?"

Injiniya anali atakonza mawu ambiri m'miyezi inayi imeneyo, akuthwa okhaokha. Koma anawaleka onse. Anawerama, natola kabobini ka ulusi kamene kanagubudukira kunsi kwa tebulo, n'kukaika pafupi ndi dzanja la mlongo wake.

"Vula malayawo," anatero mlongoyo osamuyang'ana. "Kolala yatha. Kaya ukanama, kaya ukanena zoona, sungakaime pamaso pa anthu ngati wogona pa depoti."

Msonkhano wa Lachisanu unachitikira pabwalo loimikapo malole, masana, pamthunzi wa khoma la galaja. Madalaivala anakhala pa matayala akale ndi pa zigubu. Ndevu anabwera dzanja lili m'bandeji yaikulu ngati mutu wa mwana, atalikoleka m'khosi. Adona anawatulutsira mpando wawo wa muofesi.

"Uyo akubwera Injiniya wa theka!" anakuwa wina. "Theka linalo linatsala kukoleji!"

"Mwina ndi limene linali ndi makutu!"

A Tcheya anakweza dzanja. Ananena za tsoka losanunkha, za zipangizo zimene zimakalamba ngati anthu, za a Mawaya amene anagwira ntchito yawo mokhulupirika mpaka mphamvu zinatha, zawo ndi za bokosi lawo. Kenaka anatembenuka.

"Mwana wathu wakaliona bokosilo. Tauza anthu, Injiniya. Latha, eti?"

Njira inali yotsegula, yosesedwa bwino. Kunali kungogwedeza mutu basi. Injiniya anayang'ana kuphiri, kumene nyanga zinayi zinkaoneka ngati tizitsotso, iliyonse italoza kwake.

"Silinathe," anatero. "Bokosi la bambo lili bwinobwino. Ndinalisintha ndine."

A Tcheya anatseka maso.

Anafotokoza monga akanafotokozera bambo ake akanakhala omvera: za mthenga wokuwa zonse ndi mthenga woyamba wamvetsa, za nyanga zinayi zomvera munthu mmodzi ndi nyanga zinayi zomvera anthu anayi. Anati tsiku lowala njira yakeyo ndi yabwino. Koma mvula ikagwa, munthu ali pansi pa dzenje, nyanga imodzi yokha siikwanira, ndipo mawu amafika odukaduka.

Ndevu anaimirira pang'onopang'ono.

"Tadikira. Ndiye kuti bokosilo linkandimva?"

"Linkakumvani."

"Kangati?"

"Maulendo makumi anayi ndi awiri."

"N'kumatani?"

"Linkaona kuti mawu anu sakumveka bwino, n'kuwataya."

"Kuwataya!" Ndevu anatembenukira anzake. "Ine ndikulira ngati mbuzi yogwidwa mu mpanda, lija lili pamwamba likusankha mawu anga ngati munthu wogula tomato! Ili labooka, ili laphwanyika!"

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunatha msanga. Ndevu anamusonyeza Injiniya bandeji ija.

"Zala ziwiri akuti mwina sizidzapindikanso. Ukumva, mwana wa sukulu? Safunsa anadya phula, koma phula lakoli ndadya ndine."

"Pepani, a Ndevu. Ndilibe mawu ena."

"Bwanji sunatiuze?"

"Ndinkafuna kupambana mkangano ndi munthu amene kulibe."

Amene anayankha anali Adona, osadzuka pa mpando wawo.

"A Mawaya ankanditumizira zonse, mawu ndi zinyalala zomwe. Kusankha kunali kwanga. Mvula ikagwa, muofesi muja munkakhala ngati mukukazinga, koma m'kati mwa phokosolo ine ndinkadziwa kuti uyu ndi uje, ndipo sali bwino. Mawu atatu mwa khumi amandikwanira. Zaka zonsezi, wailesi ikakhala chete ndiye kuti palibe amene wagwira batani. Iwe unandisinthira tanthauzo la chete osandiuza, ine n'kukhala muja ndikuluka chipewa munthu akutha magazi." Anamuyang'ana. "Bokosi lako ndi lanzeru, mwana wanga. Koma silinakhale ndi anthu awa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi."

"Ndiye tibwererenso kodikirana kuja?" anafunsa dalaivala wina wa chipewa chachikasu. "Ine ndinazolowera kulankhula nthawi imene ndafuna. Kale munthu unkadikira uyu amalize kufotokoza za apongozi ake."

"Sizingatheke zonse ziwiri?" anafunsa a Tcheya.

"Ndi bokosi ili, ayi. Mukafuna njira zinayi ndi mawu oyera, dzenje lizitayika mvula ikagwa. Mukafuna dzenje, mulandire phokoso ndi kudikirana."

"Kwezani manja ofuna phokoso," anatero a Tcheya motopa.

Bandeji ya Ndevu inakwera yoyamba, mwini wake akukukuta mano. Manja ena anatsatira. Wa chipewa chachikasu anayang'ana uku ndi uku, nakweza lake theka.

"Bokosi likhala," anatero a Tcheya. "Za wolisamala ndiye sindikudziwa. Ndinakupatsa mlatho, iwe wasankha kusambira. Bweretsa kiyi."

Injiniya anavula chingwe chofiira m'khosi. Chinali chitada ndi thukuta la anthu awiri. A Tcheya anachilandira, koma Ndevu anatambasula dzanja lake labwinolo.

"Mlanduwu ndi wanga, a Tcheya, ndiugamule ndine. Lero akwere nanu, abweze zonse mmene zinalili, inu mukuona. Mawa m'mawa timutengera kudzenje, pamalo pomwe ndinali ine. Timusiya ndi wailesi, ife tikwera. Aitane. Adona akamumva, kiyi ndi wake. Akapanda kumumva, abwere wapansi, ndipo asadzaonekenso pabwalo pano."

"Nanga mvula ikapanda kugwa?" anafunsa wina.

"Tidikira. Iyeyu amakonda zodikira."

Madzulo amenewo Injiniya anakwera padenga paja ndi a Tcheya, amene anatukwana masitepe onse mmodzimmodzi. Injiniya ankaopa kuti sakumbukira pamene nyanga iliyonse inaloza. Koma atapukuta dzimbiri pa mlongoti anapeza timadontho ta penti yoyera, kamodzi pa nyanga, kena pa chitsulo choigwira, toti tikakumana ndiye kuti nyanga yafika pake. Tsiku limene ankamasula sanatione. Pansi pa kadontho kachinayi panali chidindo cha chala chachikulu cha bambo ake, chouma m'pentimo. Anachiyang'ana kwa kanthawi, a Tcheya n'kupeza chochita kumbali ina ya denga.

Mvula inawadikiritsa mpaka Lolemba. Itayamba cha m'ma naini, lole ya wa chipewa chachikasu inatsika nawo m'dzenje, Ndevu atakhala pakati. Ndevu anamusonyeza Injiniya malowo. Jeke inali ikadali pomwepo, itagona cham'mbali m'matope. Lole ya nambala naini inali isanachotsedwe.

"Kwera," anatero Ndevu. "Wailesi ili kumanja. Magazi ali pa mpandowo ndi anga, usawaope."

Lole inayo inakwera chitunda n'kuzimiririka. Injiniya anatsala yekha, mvula ikumenya denga la lole ngati miyala. Makoma a dzenje anaima mbali zonse, akuda, akuchucha madzi. Phiri silinkaoneka, nyanga sizinkaoneka. Anagwira cholankhulira, napanikiza batani, ndipo pamenepo anazindikira kuti sanakonze choti anene. Anakhala choncho batani lili m'manja, akungopuma, kenaka analisiya.

Wailesi inakazinga, inalira, inatsokomola. Ndipo m'kati mwa phokoso lonselo, patali ngati munthu woitana kutsidya kwa mtsinje wodzaza, munatuluka mawu a Adona.

"Naini, ndakumva. Ukupuma ngati bambo ako. Lankhula, mwana wanga, ena akudikira."